Nandolo Apita, Mankhwala Abwera: Mbiri ya Hyderabad Poiwerengera ku Mulanje

Mu Julaye 1891, Harry Johnston atangoyamba kumene kukhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'dziko lino, nkhondo yake yoyamba anakaimenyera ku Mulanje, kwa mfumu yachiyawo Chikumbu, imene sinkamwerana madzi ndi azungu oyamba kutsegula minda m'tsinde mwa phiri. Asilikali amene anatumidwa kumeneko sanali Angerezi. Anachokera m'gulu la amwenye pafupifupi 70, ena a chipembedzo cha Sikh, ena Asilamu a gulu la apakavalo lochokera ku dziko la Hyderabad, ndipo wowatsogolera, Kaputeni Cecil Maguire, anatengedwa ku gulu la Hyderabad lomwelo. Maguire sanakhalitse. Anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho kwa Makanjira, m'mphepete mwa nyanja. M'chaka chimenechonso Henry Brown anabzala tiyi ku Lauderdale, ndipo mfuti za amwenye aja n'zimene zinalambula njira yoti minda yotereyi ifalikire popanda woiletsa. Ndiye kuti Mulanje ndi Hyderabad anadziwana koyamba pa mfuti, zaka zoposa 130 zapitazo, aliyense ali pansi pa mbuye mmodzi. Lero akudziwanabe, koma pa sikelo ya venda wogula nandolo ndi pa kabotolo ka ma ARV kochokera ku chipatala, kamene munthu akakatembenuza n'kuwerenga malemba ang'onoang'ono akumbuyo, kawirikawiri amapezapo dzina la mzinda umenewu.

Hyderabad ndi likulu la chigawo cha Telangana, chakummwera kwa India. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 7.7 miliyoni mumzindawu ndi madera oumangirira, ndipo lero akuwayerekeza kuti apitirira 10 miliyoni, kuposa theka la Amalawi onse amene anawerengedwa mu 2018. Kuli maofesi akuluakulu a Microsoft, Google ndi Amazon, kuli sitima yamagetsi yoyenda pamwamba pa misewu imene inayamba mu 2017, kuli msewu wozungulira mzinda wotalika makilomita 158. Ambiri akamaufotokoza mzindawu amayambira mu 1998, ngati kuti makompyuta anagwa ngati mvula pa tchire la miyala n'kumera nyumba zosanja zagalasi. Kafotokozedwe kameneka n'kolakwika, ndipo kwa ife n'koopsa, chifukwa kamatiphunzitsa kudikira mvula yotereyo. Mbiri ya Hyderabad ikusonyeza zina: luso la makompyuta linafika pomaliza, litapeza sukulu, madamu, mafakitale a boma ndi malamulo zimene zinamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 90, ndipo chachikulu pa zonsezi n'chakuti nzeru zimene zinkapangidwa kumeneko zinkatsalira m'mitu ya eni dera. Mulanje nayo yakhala ndi kafukufuku, magetsi ndi msika wakunja kwa nthawi yaitali, koma nzeru zake zinaikidwa poti mwini dera asazifikire.

Mzindawu anaukhazikitsa mu 1591 ndi mfumu Muhammad Quli Qutb Shah, m'mbali mwa mtsinje wa Musi, linga lakale la Golconda litachepa. Chipilala cha nsanja zinayi chotchedwa Charminar, chimene chili pakati pa mzinda wakale, n'cha chaka chomwecho. Chuma cha nthawi imeneyo chinali malonda a dayamondi, ngale ndi nsalu. Mfumu yaikulu ya Mughal, Aurangzeb, inagonjetsa Golconda mu 1687, ndipo kuyambira 1724 dzikolo linakhala m'manja mwa mafumu otchedwa Nizam. Mu 1798 Nizam anachita pangano lodziika pansi pa chitetezo cha Angerezi, amene anamanga msasa wa asilikali pafupi, womwe unakula n'kukhala mzinda wa Secunderabad. Kumeneko n'kumene dokotala wa asilikali Ronald Ross, pa 20 Ogasiti 1897, anang'amba udzudzu n'kupeza m'mimba mwake kachilombo ka malungo. Neti iliyonse yogawidwa kwa amayi oyembekezera ku Chonde kapena ku Muloza imachokera pa zimene zinaoneka tsiku limenelo. Tinenenso modutsa kuti Afirika nawo ali m'mbiri imeneyi: Nizam anali ndi gulu la alonda apakavalo a mtundu wa Siddi, zidzukulu za anthu ochokera ku Africa, ndipo dera limene ankakhala likutchedwabe AC Guards. Koma zonsezi, dayamondi, msasa wa asilikali, ngakhale ulemu wa Ross, sizinapange Hyderabad wa lero. Mizinda yambiri ya ku India inali ndi zoterezi n'kungotsala ndi zipilala.

Kusintha kunayamba ndi tsoka. Mu Sepitembala 1908 mtsinje wa Musi unasefukira n'kupha anthu pafupifupi 15,000. Boma la Nizam linaitana injiniya wachimwenye, M. Visvesvaraya, kuti alangize chochita, ndipo pa uphungu wake anamanga madamu awiri kumtunda kwa mzinda, Osman Sagar mu 1920 ndi Himayat Sagar mu 1927, amene anachepetsa kusefukira kwa madzi n'kupatsanso mzinda madzi akumwa kwa zaka makumi ambiri. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Phalombe amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 akhoza kuima pamenepa n'kudzifunsa kuti ndi injiniya uti wa kwathu amene anapatsidwa ntchito ndi ndalama zofanana ndi zimenezi. Nizam womaliza kulamulira, Mir Osman Ali Khan, anatsegula yunivesite ya Osmania mu 1918, imene inkaphunzitsa sayansi, malamulo ndi zachipatala m'chiyankhulo cha Urdu, osati Chingerezi, ndipo inali ndi nthambi yake yomasulira mabuku. Wina anena kuti ndikutamanda mfumu yankhanza, ndipo ali ndi mfundo. Urdu chinali chiyankhulo cha olamulira; anthu wamba ambiri ankayankhula Telugu, Marathi ndi Kannada, ndipo odziwa kuwerenga m'midzi anali ochepa zedi. M'midzi ya Telangana munali mwambo wotchedwa vetti, woti mlimi azigwirira mwini malo ntchito yaulere, umene aliyense wodziwa thangata auzindikira msanga. Alimi anaukira mwambowu ndi zida kuyambira 1946 mpaka 1951, ndipo ufumu wa Nizam unatha mu Sepitembala 1948 asilikali a India atalowa m'dzikolo. Sindikunena kuti Nizam anali wabwino. Ndikunena kuti chuma chimene anafinya kwa alimi, gawo lina linasanduka madamu, zipatala ndi makalasi mumzinda wake womwewo. Phindu la thangata la ku Mulanje linkakwera sitima pa Luchenza kupita kwa eni masheya ku London, Glasgow ndi Edinburgh.

Gawo la mbiriyi limene otamanda makompyuta amalidumpha ndi la pakati pa 1956, pamene Hyderabad anakhala likulu la chigawo cha Andhra Pradesh, ndi 1991. Boma la India linaunjika kumeneko mafakitale ndi malo a kafukufuku. Kampani ya boma yopanga mankhwala, IDPL, inakhazikitsidwa mu 1961 mothandizidwa ndi Soviet Union n'kumanga fakitale yaikulu ku Hyderabad. Mu 1967 kunabwera ECIL, yopanga zipangizo zamagetsi, imene inapanga ena mwa makompyuta oyambirira a m'dzikolo ndipo lero imapanga makina oponyera voti. Mu 1972 ku Patancheru, kunja kwa mzinda, kunatsegulidwa ICRISAT, malo a kafukufuku wa mbewu za kumadera ouma: nandolo, mtedza, mapira, mchewere ndi tchana. Pamwamba pa izi panabwera lamulo la 1970, limene linati pa mankhwala, kampani ikhoza kuteteza njira yake yopangira koma osati mankhwala enieniwo. Ndiye katswiri wachimwenye amene wapeza njira ina yopangira mankhwala omwewo anali ndi ufulu wowagulitsa motchipa. IDPL monga bizinesi inalephera. Inadya ndalama za boma n'kufota. Koma anthu amene inawaphunzitsa sanafote nayo. Mmodzi mwa iwo, Kallam Anji Reddy, anatuluka n'kudzayambitsa Dr. Reddy's Laboratories mu 1984, ndipo pambuyo pake panadza Aurobindo mu 1986, Hetero ndi Shantha Biotechnics mu 1993, Bharat Biotech mu 1996. Amene amaweruza fakitale ya boma pongoyang'ana mabuku a ndalama aziganizira za IDPL: phindu lake lenileni linatuluka pa geti likuyenda ndi miyendo iwiri.

Tsopano tingafike ku 1998. Chandrababu Naidu, amene anatsogolera Andhra Pradesh kuyambira 1995 mpaka 2004, anapereka malo a miyala kumadzulo kwa mzinda, anamanga nyumba ya Cyber Towers imene inatsegulidwa mu Novembala 1998, anakopa Microsoft kuti itsegule malo opangira mapulogalamu a kompyuta chaka chomwecho, ndipo anathandiza kukhazikitsa sukulu yaukachenjede ya IIIT. Pali amene amati apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mtsogoleri wochangamuka, malamulo a malonda amene anamasulidwa mu 1991, ndi makampani akunja ofuna antchito otchipa odziwa Chingerezi. Sindikukana kuti Naidu anachita zazikulu, ndipo n'zoona kuti popanda kumasula malonda mu 1991 makampaniwo sakanabwera. Koma funso limene mfundoyi siyankha ndi lakuti Microsoft itafika inalemba ntchito ndani. Injiniya sakula m'miyezi isanu ndi umodzi ngati chimanga. Anyamata ndi atsikana amene anadzaza maofesi aja anali ana a antchito a m'mafakitale a boma, ana a aphunzitsi, ana a alimi a mpunga a m'zigwa za Krishna ndi Godavari amene kwa zaka zambiri ankagulitsa zokolola n'kulipirira ana awo sukulu za uinjiniya. Satya Nadella, amene wakhala mkulu wa Microsoft kuyambira 2014, anabadwira ku Hyderabad mu 1967 n'kuphunzira sukulu kumeneko, Cyber Towers isanalotedwe n'komwe. Naidu anakolola m'munda wolimidwa kale, ndipo luso lake linali kudziwa kuti mbewu yacha.

Tibwerere pansi pa Sapitwa. Kunena kuti Mulanje inasowa sayansi n'kunama. Ku Mimosa kuli Tea Research Foundation of Central Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1966 pa maziko a kafukufuku wa tiyi amene anali atayamba kale m'bomali, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa kuno, monga SFS 150, inakabzalidwa mpaka m'maiko ena a mu Africa. Njanji inadutsa pa Luchenza mu 1908. Maesiteti ena ankadzipangira magetsi kuchokera m'mitsinje yotsika m'phiri, monga Ruo, midzi yowazungulira ikuunikira koloboyi, ndipo anthu a ku Bondo anadzaona magetsi a mtsinje wa Lichenya posachedwapa, kudzera ku bungwe la MEGA. Kafukufuku, njanji, magetsi, msika wa ku Ulaya: zinthu zimene mlangizi wa chitukuko angalembe pa bolodi, Mulanje inali nazo Hyderabad asanaone kompyuta. Kusiyana kunali pa funso lakuti munthu wa m'deralo ankafunidwa ngati chiyani. Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, anapatsidwa malo pa esiteti posinthana ndi thangata, limene linathetsedwa mwalamulo mu 1962 mokha. Esiteti inkafuna manja othyola masamba awiri ndi nsonga, msana wonyamula dengu, ndi kapitawo wowerenga makilo. Ntchito ya m'chipinda cha kafukufuku ndi ya mu ofesi ya manejala kwa nthawi yaitali inali ya obwera. Alimi ang'onoang'ono anadzayamba kulimbikitsidwa kulima tiyi m'zaka za m'ma 1960, boma n'kukhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, koma ngakhale lero mlimi wotere amagulitsa masamba aawisi ku fakitale imene si yake, ndipo tiyi wambiri amachoka pa okushoni ya ku Limbe kapena pa mapangano achindunji ali m'matumba akuluakulu, n'kukasakanizidwa ndi kupakidwa ku South Africa ndi ku Britain pansi pa maina a ena. Palibe Anji Reddy wa tiyi amene anatuluka pa geti la esiteti, chifukwa geti limenelo silinamangidwe kuti atulukirepo munthu wotere.

Nandolo akuonetsa bwino mmene msewu wa pakati pa malo awiriwa ulili lero. Ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene minda ndi yaing'ono, nandolo amabzalidwa m'mizere ya chimanga, ndipo ndiye ndiwo, nkhuni ndi ndalama ya fizi pa nthawi imodzi. Matenda ofotetsa mitengo ya nandolo atavuta, mbewu yopirira yotchedwa ICP 9145 imene inatulutsidwa m'Malawi mu 1987 inadzera ku ICRISAT, bungwe la ku Patancheru lija, lomwe lili ndi nthambi ku Chitedze kuyambira 1982. Kachangu ndi Mwaiwathualimi nazonso zinachokera m'kafukufuku wa bungweli, monganso mtedza wa CG7. Mbewu ikacha, venda amaigula pa msika wa kumudzi, imapita ku nkhokwe za ku Limbe, kenako pa doko, kenako ku India, kumene nandolo wosendedwa ndi wogawa pakati, dhal, ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Mu Ogasiti 2017 India, atakolola nandolo wambiri kwawo, anaika malire a matani 200,000 pa chaka pa nandolo wochokera kunja, ndipo mtengo wa kuno unagwa mpaka alimi ena anangosiya matumba m'nyumba akufumbwa. Pangano la 2021 loti India azigula matani 50,000 pa chaka kuchokera ku Malawi kwa zaka zisanu linabweza mtima pansi, koma linasonyezanso kuti mtengo wa mbewu ya mayi wa kwa Mabuka umagamulidwa ku New Delhi. Chobwera kuchokera uko n'chopangidwa kale. Mu 2017 Aurobindo ndi Mylan, makampani amene anali ndi mafakitale ku Hyderabad ndi madera oyandikana nawo, anavomera kugulitsa mankhwala atsopano a mbulu umodzi pa tsiku pa mtengo wa pafupifupi $75 pa munthu pa chaka, pamene cha m'ma 2000 mankhwala otalikitsa moyo ankaposa $10,000. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi wopangidwa ndi Bharat Biotech, amene anapezeka kuti amateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ngakhale madzi a Likhubula amene anakokedwa m'mipope kupita ku Blantyre, anthu ena a ku Mulanje akutsutsa, anayenda pa ngongole ya $23.5 miliyoni yochokera ku banki ya boma la India. Palibe choipa m'mankhwala otchipa. Apulumutsa miyoyo yosawerengeka m'boma muno. Koma tikaunjika katundu wa mbali zonse ziwiri, wochoka kuno ndi wa thukuta ndi mvula, wobwera ndi wa mutu.

Mfundo yolimba kwambiri yotsutsa zonsezi ndi ya kukula. Boma la Mulanje linali ndi anthu pafupifupi 684,000 mu 2018. Hyderabad ali pakati pa msika wa anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo fakitale ya mankhwala kumeneko imapeza ogula isanaganize n'komwe zotumiza kunja. Izi n'zoona, ndipo aliyense wolonjeza nyumba zosanja za makompyuta pa Chitakale akuseweretsa anthu. Koma zimene ndikuyerekeza si kutalika kwa nyumba. Ndi njira imene nzeru imadutsa kuchoka m'chipinda cha kafukufuku kufika kwa mwana wa m'deralo, ndipo njira imeneyo siifuna anthu biliyoni. Chigayo chosenda nandolo cha alimi okha, fakitale ya tiyi imene alimi ang'onoang'ono ali ndi gawo lenileni monga zilili ku Kenya pansi pa KTDA, sukulu ya sekondale yokhala ndi labotale yogwira ntchito, ubale wokhazikika pakati pa Mimosa ndi yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, mtunda wosakwana ulendo wa tsiku: zonsezi n'za msinkhu wa Mulanje. Mfundo ina yotsutsa ndi ya chikomekome cha mkuyu. M'kati mwa Hyderabad mulidi nyerere. Nyanja zing'onozing'ono ndi zitsime za ku Patancheru zinaipitsidwa ndi zotayidwa za mafakitale a mankhwala, ndipo milandu yake yakhala m'makhothi kwa zaka zambiri. Nyumba zinamangidwa m'malo a madzi, mzinda n'kusefukiranso mu Okutobala 2020. Mu Januwale 2009 mwini kampani ya makompyuta ya Satyam, Ramalinga Raju, anaulula kuti kwa zaka zambiri ankanamiza anthu za ndalama za kampaniyo. Pamene Cyber Towers inkamangidwa, alimi a thonje a ku Warangal, mtunda wa maola ochepa, ankadzipha chifukwa cha ngongole, ndipo mu 2004 anthu a m'midzi anamuchotsa Naidu pa mpando n'kusankha Y. S. Rajasekhara Reddy amene analonjeza alimi magetsi aulere. Zimenezi sizigwetsa mfundo yanga, zikungoionjezera mbali ina. Paliponse pamene Hyderabad anaiwala munthu wa m'mudzi, anabwereza vetti m'malaya atsopano, ndipo munthuyo anali ndi voti yomukumbutsira.

Chotsala ndi nkhani ya nthawi. Lamulo la 1970 lija India analisintha mu 2005 pomvera malamulo a bungwe la malonda la dziko lonse la WTO, koma anali atagwiritsa kale ntchito zaka zoposa 30 kuphunzitsa akatswiri ndi kumanga mafakitale. Maiko osaukitsitsa, Malawi ali m'gulu limenelo, anapatsidwa mpata wofananawo: mu 2015 WTO inagamula kuti maikowa sakakamizidwa kuteteza umwini wa mankhwala mpaka pa 1 Januwale 2033. Bangladesh wagwiritsa ntchito mpata umenewu, ndipo lero amadzipangira pafupifupi mankhwala onse amene amamwa n'kutumizanso ena kunja. Uganda ali ndi fakitale ya ma ARV ndi mankhwala a malungo ku Luzira, mu Kampala, imene inamangidwa mogwirizana ndi Cipla ya ku Mumbai. Ana a ku Ndirande amene anabayidwa katemera wa taifodi mu 2018 ali ndi miyezi isanu ndi inayi adzakhala ndi zaka 15 pamene mpatawo udzatsekedwe, ndipo anzawo a msinkhu womwewo a kwa Chikumbu adzakhala akulemba mayeso a sekondale, amene adzakhale atafikako.